Munthu Wachinayi Pachithunzi

Kwathu sitijambulitsa anthu atatu. Aliyense amadziwa chifukwa chake, amati amene waima pakati ndiye amayamba kufa. Kusukulu anzanga ankaziseka zimenezi, ndipo inenso ndinkaseka nawo kuti asandidabwe. Koma pabalaza pathu, pafupi ndi guwa la makolo, pali chithunzi cha Chaka Chatsopano chimene Amayi anajambula okha. Ine ndili kumanzere, mng'ono wanga Diep kumanja, Bambo pakati atatikoleka manja m'khosi. Chaka chimenecho chisanathe, lole inawagunda Bambo ali pa njinga yawo yamoto. Kuyambira pamenepo tinatsala atatu, ndipo panalibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene tinalimo tonse. Tsiku lotsanzikana kusukulu ndinajambulitsa ndi Amayi, kenako ndi Diep, kenako Amayi ndi Diep. Ukaziyala pamodzi umangoona ngati banja limene linayambana.

Amayi anali atandilonjeza kuti ndikadzamaliza mayeso a sekondale tidzakwera sitima yapamadzi, ija yogonamo, yoyenda pakati pa zilumba. Tinanyamuka kwathu ku Hai Duong pa sitima yapamtunda ya m'mawa, kuti tikhale ndi tsiku lathunthu loona mzinda wa Hai Phong tisanakwere yapamadziyo mawa lake. Diep atapita kukaima pakhomo la ngolo kuti aone milatho, Amayi anandigwira bondo.

"Quyen, matikiti a mawa aja alipo anayi."

Ndinayang'ana minda ya mpunga pawindo ngati sindinamve.

"A Toan atichingamira pasiteshoni, atiyendetsa lero lonse. Koma zoti akwere nafe mawa zili kwa iwe. Ukati ayi, ndi ayi. Ndipo sindikunena za sitima zokha, wandimva?"

Ndinamva. Ankolo Toan ndi mlongo wake wa mnzawo wa Amayi wa ku fakitale yosoka zovala. Anali atabwerako kwathu kangapo, ulendo wina kudzakonza mpope, ulendo wina kudzasiya nsomba zouma, ndipo nthawi zonse ine ndinkangoika tiyi patebulo n'kuthawira kuchipinda. Ndinkadziwanso kuti anawafunsira Amayi ukwati, ndipo Amayi anawayankha kuti m'nyumba muli mwana wamkulu, sangalowetse munthu mwanayo ali duu.

"Bwanji osamufunsa Diep?" ndinatero.

"Diep angavomere ngakhale wakuba, bola abwere ndi ayisikilimu."

Vuto langa ndimalidziwa. Mawu amabwera bwinobwino kuchokera mumtima, akafika pakhosi amakhala pansi. Aphunzitsi ena anandiphunzitsa zaka zitatu osadziwa kuti mawu anga amamveka bwanji. Ndiye Amayi, pondidziwa chonchi, anasankha ine kuti ndiyankhe funso lalikulu kuposa onse a pamayeso.

Pasiteshoni sitinavutike kuwapeza. Anthu a ku Hai Phong amalankhula ngati akuitana bwato limene lachoka kale, koma Ankolo Toan amaposa onse. Anali akukupiza manja onse awiri, malaya atanyowa kale kumsana, chikwama chachikulu chakuda chili paphewa.

"Amake Quyen! Kuno! Diep, watalika bwanji, akukuthira feteleza? Quyen, mayeso aja wawagwetsa kapena akugwetsa?"

Ndinawerama pang'ono n'kunena moni amene ndinamumva ndekha.

Ntchito yawo ndi yokonza injini za maboti padoko. Chala chimodzi cha dzanja lamanzere n'chachifupi, ndipo Diep atafunsa anamuuza kuti anachisiya m'injini ngati chikole, akachitenga akadzapuma pantchito.

Anayamba kutitengera kokadya. Anati munthu sanganene kuti wafika ku Hai Phong asanadye msuzi wa nkhanu, ndipo osati pena paliponse, koma kwa mayi wina wa m'kanjira kopanikizika kuseri kwa msika. Tinakhala pa timipando tapulasitiki, mawondo ali m'chibwano. Mbale zitafika, nthunzi ili tolo, Ankolo anatulutsa foni.

"Yandikanani, ndikujambuleni."

"A Toan," anatero Amayi motsitsa mawu, "tilipo atatu."

"Kuwerenga ndimatha, amake Quyen, sukulu ndinathawa mochedwa." Anatembenukira kwa mwini malo. "Mayi, tabwerani kuno, mukhale wachibale wa anthuwa kanthawi kochepa."

Mayiyo anapukuta manja pa epuloni. "Ndi nkhope yathukutayi? Nanga inuyo osalowapo bwanji? Mwamuna wanji wothawa banja lake?"

Amayi anayang'ana m'mbale, ine makutu anatentha.

"Ine ndine wojambula chabe," anatero Ankolo. "Nkhope yangayi imaswa mafoni. Tiyeni mayi, msuzi ukuzizira."

Mayiyo analowa pakati pa ine ndi Diep, chipande chili m'manja ngati mbendera. Foni itandifika ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kanali koyamba kuona nkhope zathu zitatu pamalo amodzi chimwalirire Bambo. Ndinadabwa kuti Diep wafanana kwambiri ndi Amayi, makamaka chipumi. Tsiku ndi tsiku ndimawaona awiriwa, koma sindinkadziwa.

Kuyambira pamenepo inasanduka ntchito yawo. Pabwalo la nyumba yaikulu ya zisudzo, pansi pa mitengo ija ya maluwa ofiira imene imachita maluwa nthawi ya mayeso, anaitana mlonda. Mlondayo anavula chipewa, n'kupesa tsitsi ndi zala, n'kuima chilili ngati msilikali. Pogulitsira maluwa anaitana mtsikana wogulitsa, amene anatipatsa aliyense duwa logwira n'kulandanso chithunzi chitatha. Tinajambulitsa ndi woyendetsa njinga yonyamula anthu, ndi bambo wina amene ankangodutsa ndi botolo la gasi paphewa ndipo sanalitule.

Pa chiboliboli chachikulu cha mayi wankhondo amene anayambitsa mzindawu panabuka mkangano. Panalibe munthu pafupi, dzuwa linali litawathamangitsa onse.

"Chiboliboli chikwanira," anatero Diep. "Ndi munthu, ali ndi mutu ndi miyendo. Tilipo anayi."

"Ameneyo anafa kalekale," anatero Amayi. "Ukufuna tijambulitse ndi wakufa tikukwera sitima mawa?"

"Ndiye sangafenso kachiwiri! Timuike pakati!"

Ankolo anaseka mpaka kugwira mawondo. Amayi anayesa kukwiya, kenako nawonso anaphulika. Anaseka mutu uli chagada, osatseka pakamwa ndi dzanja, mano onse pamtetete, dzino lawo lakumbali lobenthuka lija likuoneka. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala.

Ndinene zoona, sindinakondwere. Munthu wabwino akanakondwera, koma ine ayi. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndinkaphika Amayi akachedwa kuntchito, kuwasisita mapewa, kubweretsa malikisi abwino kuti amwetulire. Ankamwetulira, inde. Koma kuseka kotereku ndinalephera kukutulutsa, ndipo munthu wathukuta uyu, wa chala chachifupi, wakutulutsa tsiku lisanafike n'pakati pomwe.

Ndiye ndinayamba kuwadikirira kuti alakwe. Ndinkafuna awagwire Amayi m'chiuno, kapena andiuze kuti ndiziwatchula Bambo, kapena adzilowetse okha pachithunzi ngati malowo ndi awo. Akanatero, ayi wanga akanatuluka mosavuta. Zolakwa anachitadi, koma zopanda ntchito. Anatisocheretsa kawiri mumzinda umene anabadwira. Anatigulira timabuledi tija titalitali tokhala ngati zala, n'kuthira tsabola wambiri mpaka Diep analira misozi akupitiriza kudya. Anakangana ndi woyendetsa takisi za njira yachidule, ndipo woyendetsayo ndiye anali wolondola. Koma powoloka msewu ankayenda mbali yochokera magalimoto, ndipo pojambula ankaima kuseri kwa foni basi.

Dzuwa litapendeka tinafika m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya pakati pa mzinda. Diep anaona zipewa zadzuwa kutsidya la msewu ndipo anawakoka Amayi. Ndisanaganize zowatsatira anali atawoloka kale, ndipo ndinatsala ndi Ankolo patebulo la mayi wogulitsa kokonati wozizira wa m'makapu. Ndinaika maso m'kapu. Ndinkatakasa ayezi ndi supuni ngati ndikufufuza chinthu.

"Quyen," anatero. Sindinadziwe kuti ali ndi mawu ang'ono. "Za tikiti ija amako anandiuza. Usavutike nazo mtima. Wavutika kale ndi mayeso, ulendowu ndi wako. Ndiponso ine madzi amandichititsa chizungulire."

"Koma mumagwira ntchito m'maboti."

Anali mawu anga oyamba omveka kwa iwo tsiku lonselo. Anadzidzimuka ngati mpando walankhula.

"Maboti omangirira, mwanawe. Akamasula chingwe ine ndatsika kale. Anzanga amandiseka mpaka lero. Tsiku lina anandinamiza kuti injini yafa, nditalowa pansi iwo n'kunyamuka. Ndinasanza mpaka chakudya cha chaka chatha."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Iwo anayang'ana kutsidya kumene Diep ankayesa chipewa chachikulu kuposa mapewa ake.

Panali funso limene linkandiluma kuyambira m'sitima. Ndinalikankha, linafika pakhosi, ndinalikankhanso.

"Chithunzi cha Bambo chija..."

"Cha pafupi ndi guwa? Chili pamalo pake." Anapukuta khosi ndi kathaulo. "Tsiku lija ndinadzakonza mpope ndinawayatsira lubani bambo ako. Ndinawauza kuti mapaipi anaika bwino kwambiri, ndi kamphira chabe kanatha. Munthu amene amaika mapaipi chonchija, ine sindingamusunthe."

Ayezi anali atasungunuka yense.

Anaimirira kuti akalipire, n'kundiuza kuti nditenge ambulera m'chikwama chawo chifukwa kumwamba kunayamba kuda. Chikwamacho anali atachinyamula tsiku lonse, akutulutsamo madzi, timathaulo, mafuta opaka polumidwa ndi udzudzu. Ndinapisa dzanja pansi pa mabotolo. Ambulera ndinaipeza, koma pansi pake panali malaya atsopano abuluu, akadali m'pepala lake la kusitolo. Panali mswachi. Panalinso kabokosi ka mapiritsi oletsa kusanza paulendo wapamadzi, kosatsegula.

Ndinabwezera mabotolo momwe analili n'kutseka zipi. Atabwerera ndinawapatsa ambulera osawayang'ana kumaso.

Tinagona kunyumba ya alendo pafupi ndi siteshoni, Ankolo anapita kwawo. Amayi sanandifunse kanthu. M'mawa anangondiyang'ana pagalasi pamene ankapesa tsitsi, ine n'kuwerama kumanga nsapato zimene zinali zomanga kale. M'galimoto yopita kudoko Ankolo anakhala kutsogolo, chikwama chakuda chili pamiyendo, akumufotokozera Diep mayina a zombo zonyamula katundu. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu. Ndinkati tikawoloka mlatho uwu ndinena. Tinawoloka. Ndinkati tikatsika ndinena. Tinatsika.

Ndipo sindinkadziwa kuti ndinena chiyani. Izi ndiye zoona zake. Mtima wina unkaona mapiritsi aja, mtima wina unkaona nsapato za munthu wina pakhomo pamene pankakhala za Bambo.

Padoko panali chipwirikiti. Mabanja, masutikesi, ana olira, wina akuitana mayina pa chimkuzamawu. Panali chingwe chimene opanda matikiti sankadutsa. Ankolo anatinyamulira katundu mpaka pachingwepo, n'kutula.

"Ine ndathera pano," anatero mokweza, akumwetulira kwambiri. "Diep, usagwere m'madzi, nsomba za kuno zimadana ndi ana olongolola. Amake Quyen, muyende bwino." Anandipatsa jumbo ya timabuledi tija. "Ta lero tilibe tsabola."

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Anadikira pang'ono, kenako anakonza lamba wa chikwama chawo paphewa n'kunena kuti, "Zikomo a Toan, mwatisamala." Mawu awo anali osalala bwino, ngati nsalu yosita. Tinadutsa chingwe. Ndinadziwa kuti kukhala chete kwanga kwayankha kale, ndipo Amayi sadzandifunsanso kapena kundiimba mlandu.

Pakhomo lokwerera sitima panali mnyamata wa yunifolomu yoyera ndi kamera yaikulu pakhosi. Banja lililonse ankaliimika pafupi ndi tayala lopulumutsira anthu lolembedwa dzina la sitima, n'kulijambula, n'kulikankhira mkati. Ankachita mothamanga ngati akulongedza nsomba. Tisanazindikire anali atatigwira mapewa.

"Bwerani, bwerani! Amayi pakati, ana m'mbali, mumwetulire!"

"Ayi achimwene," anatero Amayi, "ife tilipo atatu, sitimajambu..."

"Zachikale zimenezo, azakhali! Lero lokha ndajambula atatuatatu ambirimbiri, onse ali moyo. Yang'anani kuno!"

Anthu a pamzere kumbuyo kwathu anaseka, wina anati tifulumire. Amayi sakonda kukangana pagulu, manyazi angawa ndinatengera kwa iwo. Anangoima pamene anawaimika, pakati pa ine ndi Diep. Dzanja lawo linakhudza langa, ndipo linali lozizira ngati lachokera m'madzi. Mnyamatayo anakweza kamera.

"Dikirani!"

Sindinadziwe kuti ndine ndakuwa mpaka nditaona doko lonse likundiyang'ana. Ngakhale wa chimkuzamawu uja anasiya kuitana mayina. Diep anatsegula pakamwa.

"Tilipo anayi," ndinatero. Mawu ankanjenjemera koma ankatuluka. Ndinatembenukira kuchingwe. Ankolo anali atayamba kale kubwerera, msana wonyowa uja ukulowa m'gulu la anthu. "Ankolo Toan! Ankolo!"

Anacheuka. Anaona kamera, anaona Amayi ali pakati, ndipo nkhope yawo inasintha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kugwira mkono wa bambo wina wonyamula katundu amene ankadutsa ndi wilibala, n'kuyamba kumukokera kuchingwe.

"Ndampeza munthu! Musajambule! Achimwene, pepani, mukhale wachibale wa anthu awo kanthawi kochepa."

"Ndisiyeni, ndili pantchito ine!" anatero bamboyo.

"Kamphindi chabe, ndikugulirani tiyi!"

Bamboyo anali atatula kale wilibala, akupukuta manja pa buluku. Akanakwanira. Mlonda anakwanira, mayi wa chipande anakwanira, ndipo Amayi akanachoka pakati chimodzimodzi.

"Osati iwowo," ndinatero. "Inuyo."

Ankolo anaima, dzanja likadali pamkono wa bamboyo.

"Ine?"

"Inuyo."

"Ndilibe tikiti, mwanawe. Sandilola kudutsa apa."

Ndinatsegula chikwama cha Amayi chikadali paphewa pawo. Sanandiletse, ndipo sanandithandize. Tikiti inali m'kathumba kam'kati, yopindidwa pawiri. Ndinayenda nayo mpaka pachingwe, anthu onse aja akundiyang'ana, n'kuipereka kwa wolondera amene anaima pamenepo.

"Ndiye ine ndizipita?" anafunsa wa wilibala.

"Pitani achimwene, ntchito yakutherani," anatero mayi wina pamzere, anthu n'kuseka.

Ankolo anadutsa pansi pa chingwe, chikwama n'kukodwa, n'kuchikoka. Tikuyenda ndinawafunsa chapansipansi kuti, "Mapiritsi aja mwamwa?"

Anandiyang'ana, makutu awo n'kufiira mpaka m'khosi.

"Unaona?"

"Pamafunika kumweratu musanakwere. Zalembedwa pabokosi."

"Azibambo ndi azimayi, sitima sidikira chikondi!" anakuwa wa kamera. "Imani bwino!"

Ankolo anaima kumapeto, pambali pa Diep, atasiya mpata woti munthu wina n'kudutsapo. Diep anawakoka lamba. Amayi anangondifinya dzanja kwambiri mpaka mphete yawo inandipweteka, ndipo dzanjalo linali litayamba kufunda.

Mapiritsi anamwa mochedwa. Sitima isanafike n'pachilumba choyamba, Ankolo anali atakoleka mutu pachitsulo cha m'mbali, malaya atsopano abuluu aja atavala kale, nkhope ili mbuu. Amayi anapita kukapempha tiyi wa jinja, Diep anathamangira pamwamba kukaona miyala italiitali yotuluka m'madzi. Ine ndinakhala pabenchi pafupi nawo, chikwama chakuda chili pamiyendo panga, ndikuwapatsira kathaulo.

"Ndifa ine, Quyen," anabuula.

"Simufa. Munaima kumapeto."

Anayesa kuseka, koma funde lina linabwera.

Madzulo mnyamata wa kamera anapachika zithunzi zonse pabolodi pafupi ndi chipinda chodyera. Chathu sichinatuluke bwino. Diep akuyang'ana kumbali, Ankolo atsinzina, ine nkhope yafiira ngati ndapsa ndi dzuwa, ndipo Amayi akuseka, dzino lobenthuka lija lili poyera. Ndinachichotsa pabolodi ndekha, n'kupita kwa mnyamatayo kukamufunsa ngati angatitsukire ziwiri.